Mafunso ndi mayankho: smoothie ya zipatso ndi tiyi wa zitsamba kwa ana athu

Makolo ambiri kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu akumafunsa za smoothie, chakumwa cholemerera chija chopangidwa pogaya zipatso pamodzi ndi mkaka kapena madzi. Ena anachiona pa Facebook, ena anakachilawa ku Lilongwe, ndiye akufuna kudziwa ngati angamapangire ana awo pakhomo, makamaka pothiramo tiyi wa zitsamba m'malo mwa madzi wamba. N'zotheka ndithu, ndipo zambiri zofunika zili kale pa Bembeke, pa Lizulu, mwinanso kuseri kwa nyumba yanu. Koma mwana amene akudwala, amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kapena amene sikelo yake ikutsika, nkhani yake iyambire kwa a zaumoyo, osati m'khitchini.

Kodi smoothie ikusiyana pati ndi juwisi wa m'botolo?

Juwisi ndi madzi ofinyidwa m'chipatso, mnofu wake n'kutayidwa. Wambiri wa m'magolosale amakhala madzi, shuga, utoto ndi kafungo chabe. Smoothie imatenga mnofu wonse, choncho timaulusi ta chipatso tija timene timathandiza mwana kuchita chimbudzi mosavuta timatsalamo. Mukathiramo chambiko ndi nsinjiro, kapu imodzi yakhudza kale magulu atatu mwa magulu 6 a zakudya amene alangizi amatiphunzitsa ku sikelo: zipatso, zanyama ndi zanyemba. Mukaonjezera peyala ndiye kuti gulu la zamafuta nalo lalowa.

Nanga tiyi wa zitsamba akulowamo chifukwa chiyani? Madzi sakukwanira?

Madzi owiritsa ndi okwanira, ndipo amene alibe zitsamba asadandaule. Tiyi amathandiza pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi fungo ndi kakomedwe: nthochi yothira tiyi wa lemon grass imanunkhira bwino moti simuganizanso za shuga, ndipo chidede chimapereka mtundu wofiira umene ana amaukonda popanda utoto wa m'paketi. Chachiwiri n'choti tiyi sapangika popanda kuwiritsa madzi, ndiye madzi amene alowa m'mimba mwa mwana amakhala otetezeka. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Chimene ndikufuna mugwire n'chakuti chakudya chenicheni mu smoothie ndi zipatso, mkaka ndi nsinjiro. Tiyi akhale ngati mchere mu ndiwo, wongokometsa. Si mankhwala, ndipo kumulimbitsa sikuwonjezera thanzi la mwana.

Mwana ayambe kumwa ali ndi msinkhu wanji?

Wosakwana miyezi 6 asapatsidwe chilichonse kupatula bere. Ayi madzi, ayi tiyi, ayi zitsamba zoti zim'tsuke m'mimba. Kuyamwitsa mwakathithi kumatanthauza zimenezo, ndipo mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira ngakhale mu Okutobala ku Golomoti.

Kuyambira miyezi 6 mpaka chaka, m'patseni zipatso zopotedwa ndi supuni: nthochi, papaya, peyala, mango osefa. Tiyi wa zitsamba adikire kaye. Mimba ya mwana wotere ndi yaing'ono kwambiri, ndipo madzi a tiyi amangotenga malo a bere ndi phala osam'patsa mphamvu iliyonse.

Akakwanitsa chaka mungayambe kuthira masupuni awiri kapena atatu a tiyi wosalimba. Kuyambira zaka ziwiri, kota ya kapu ya tiyi mu smoothie yake ilibe vuto. Kuyamwitsa kupitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposera apo.

Ndi zitsamba ziti zimene ndingagwiritse ntchito?

Lamulo losavuta ndi ili: tengani zokhazo zimene anthu amadya kapena kumwa ngati chakudya, osati zimene amamwa akadwala.

Lemon grass ndi amene ndimalangiza kuti muyambire. Dulani masamba awiri, atsukeni, apindeni n'kuwaika m'makapu awiri a madzi amene angowira kumene. Vindikirani mphindi 5, kenaka sefani ndi kansalu koyera, chifukwa m'mphepete mwa tsamba lake muli timinga ting'onoting'ono tokanda kukhosi. Tiyi woyenera mwana amaoneka wachikasu mopepuka, pansi pa kapu pakuoneka bwinobwino. Akachita kubiriwira ndiye kuti walimba, onjezerani madzi owiritsa.

Chidede tinachizolowera ngati ndiwo, koma timakoko tofiira ta maluwa ake, tikauma, timapanga tiyi wowawasa wokoma kwabasi. Timakoko titatu kapena tinayi pa kapu imodzi n'tokwanira. Chimagwirizana ndi zipatso zotsekemera kwambiri monga mango ndi nthochi. Poti n'chowawasa, chisakhale cha tsiku lililonse, kuopa mano.

Minti amakoma ndi peyala ndiponso gwafa. Timasamba 4 kapena 5 pa kapu. Ngati mwana amabweza chakudya kapena amadandaula kutentha pachifuwa akadya, m'siyeni minti, chifukwa amawonjezera vutolo. Mafuta a minti a m'timabotolo aja si a ana ayi.

Jinja ndi wa ana a zaka ziwiri kupita m'tsogolo. Kachidutswa kopyapyala kamodzi m'makapu awiri a madzi, osapitirira apo. Akachuluka amawawa, ndipo mwana akamuda tsiku loyamba zimavuta kuti adzamulandirenso.

Rooibos ndi tiyi wofiira wa chitsamba chochokera ku mapiri a Cederberg ku South Africa, ndipo amapezeka m'masitolo akuluakulu. Alibe kafini, sawawa ngakhale atakhalitsa m'madzi, ndipo amagwirizana ndi mkaka. Kathumba kamodzi kakwanira makapu awiri. Ndi wabwino, koma musavutike kumufunafuna ngati muli ndi lemon grass pakhomo.

Nanga zoyenera kupewa ndi ziti?

Apa ndipempha tisanyengererane, chifukwa ana avulala ndi zitsamba zopatsidwa ndi mtima wabwino.

Nimu asalowe m'chakumwa cha mwana, kaya masamba, kaya mafuta ake. Alovera nayenso ayi: utomoni wake wachikasu umatsegula m'mimba mwamphamvu, ndipo mwana sachedwa kutha madzi m'thupi. Matiyi onse olembedwa kuti ndi ochepetsa thupi, otsuka m'mimba kapena oyeretsa magazi ndi oopsa kwa ana, poti ambiri amakhala ndi zitsamba zotsegula m'mimba. Mizu ndi makungwa a cham'mwamba si chakudya, masamba okha ndiwo amadyedwa. Ufa wa zitsamba wogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, m'basi kapena pa msika, musaupereke kwa mwana ngakhale wogulitsa atalumbira motani, chifukwa mulingo wake palibe anauyeza. Chimodzimodzinso mizu ndi makungwa ochokera kwa asing'anga.

Palinso zinthu za m'khitchini zimene siziyenera kugayidwa zosaphika: chigwada, mbatata ya kachewere, nyemba ndi soya. Nthangala za maapozi ndi njere za mapichesi zichotsedwe zonse musanagaye, chifukwa m'kati mwake muli poizoni. Ndaonanso ena pa intaneti akupala njere ya peyala n'kuthira mu smoothie. Imeneyo tayani kapena kaidzaleni.

Tiyi wathu wa masamba wa m'mawa uja bwanji? Si masamba omwewo?

Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi wabwino kwa akulu, koma kwa mwana wamng'ono ali ndi mavuto awiri. Ali ndi kafini, amene amasokoneza tulo ndi kum'chititsa mwana kusakhazikika. Alinso ndi zinthu zija zimachititsa tiyi kumata m'kamwa akalimba, ndipo zimenezi zimagwira ayironi (mchere wothandiza thupi kupanga magazi) wa m'nyemba, m'masamba ndi mu ufa kuti asalowe m'magazi. Tiyi wobiriwira wa m'mapaketi amachokera ku mtengo womwewo, ndiye vuto lake ndi lomwelo.

Nkhani ya ayironi si yaing'ono kwa ife. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 63 mwa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 anali ochepa magazi, ndipo 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Tsono taganizani za mwana amene m'mawa uliwonse amafisula tiyi wa masamba ndi mbatata basi. Mimba yadzaza, koma thupi lalandira zochepa.

Zitsamba zina, makamaka minti, nazonso zimachepetsako ayironi wolowa m'thupi zikalimba. N'chifukwa china chopangira tiyi wosalimba. Mwayi wake ngwoti vitamini C amachita zosiyana ndi zimenezi, amathandiza ayironi kulowa, ndipo magwafa, malambe, mango, mapapaya ndi malalanje ali naye wambiri. Pogula tiyi wa m'paketi werengani zolembedwazo, chifukwa wina amakhala wa masamba womwe uja atangomuthira fungo la mandimu.

Ndilibe blenda (makina ogayira zipatso), komanso kwathu kulibe magetsi. Ndiye kuti zandipita?

Ayi mayi, sizinakupiteni. Foloko, sefa ya tiyi yokulirapo ndi botolo la kukamwa kwakukulu lokhala ndi chivindikiro, zimenezi zikwanira.

Sankhani zipatso zakupsa kwambiri, monga nthochi imene khoko lake layamba madontho akuda. Ipoteni ndi foloko m'mbale mpaka timibulu tithe. Mango afinyeni ndi manja osamba bwino ndi sopo, kenaka mukanikize mnofuwo pa sefa ndi kumbuyo kwa supuni. Mudzaona ulusi wautali uja umatsakamira m'mano ukutsala pamwamba, pansi pakudontha mnofu wosalala wachikasu. Magwafa muchite chimodzimodzi kuti nthangala zitsale. Thirani zonse m'botolo pamodzi ndi tiyi wozizira ndi chambiko, tsekani zolimba, n'kukhutchumula kwa mphindi imodzi. Ntchito yokhutchumulayi apatseni anawo, amaikonda, ndipo mwana sakana chimene wapanga nawo.

Amene ali ndi blenda, yambani kuthira zamadzi, zolimba pambuyo. Mukamaliza imasuleni n'kutsuka pansi pa timipeni ndi pa kamphira kaja, chifukwa m'menemo ndi mmene zotsalira zimabisala n'kumaola.

Tipatseniko kapangidwe kake, ndi milingo yomwe

Milingo iyi ndi ya ana awiri aang'ono kapena mmodzi wa ku pulayimale ndi kotsalako pang'ono.

Yoyambira, imene sindinaonepo mwana akuikana: nthochi imodzi yakupsa, theka la kapu ya chambiko, kota ya kapu ya tiyi wa lemon grass wozizira, ndi supuni yaing'ono yodzaza ya nsinjiro za mtedza wokazinga. Isakhale yamadzi, izikakamira pang'ono ku supuni.

Ya nthawi ya mango: mango awiri osefa, theka la nthochi ndi theka la kapu ya tiyi wa chidede. Imatuluka yofiirira mochititsa kaso. Iyi musathiremo mkaka wa madzi.

Ya malambe ndi imene ndimaikonda koposa, chifukwa malambe amasungika miyezi ndipo amatipulumutsa nthawi imene zipatso zina zasowa. Tengani malambe odzaza dzanja limodzi, aviikeni m'kapu ya tiyi wa lemon grass kapena rooibos wofunda, osati wotentha, kwa theka la ola. Takasani mpaka ufa wonse usiyane ndi njere, sefani, n'kusakaniza madzi olemererawo ndi nthochi imodzi ndi theka. Malambe amawawasa, ndiye nthochi ndi imene imagwira ntchito ya shuga. Ali ndi vitamini C wambiri komanso kashiamu wolimbitsa mafupa. Anzathu a ku Golomoti, ku Mtakataka ndi ku chigwa cha Bwanje ali nawo pafupi, ife a kumtunda timawapeza pa msika.

Ya peyala: kota ya peyala, magwafa awiri osefa, theka la nthochi ndi theka la kapu ya tiyi wa minti. Iyi ndi yokhutitsa, yabwino kwa mwana wowonda amene amadya pang'onopang'ono.

Masuku akafika chakumapeto kwa chaka, finyani mnofu wake pa sefa n'kusakaniza ndi chambiko ndi tiyi wa lemon grass. Mapichesi athu akuno nawo amakoma ndi rooibos, koma ng'ambani lililonse muone m'kati, poti mphutsi zimakonda kubisala pafupi ndi njere pamene kunja kukuoneka bwinobwino.

Ndithire shuga wochuluka bwanji? Paja shuga wathu ali ndi vitamini A

N'zoona kuti shuga wa m'mapaketi m'dziko muno amathiridwa vitamini A, monganso mafuta ophikira. Anatero chifukwa anthu amadya kale shuga, osati pofuna kuti tizidya wambiri. Mwana wosakwana zaka ziwiri asathiriridwe shuga n'komwe, ndipo kwa okulirapo, nthochi yakupsa ikwanira. Vitamini A yemweyo ali mu mango, mu papaya, mu maungu ndi mu mbatata yofiira m'kati monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika.

Vuto la shuga ndi chizolowezi. Mwana akazolowera zotsekemera kwambiri, papaya amayamba kumuona ngati wosakoma. Ngati anazolowera kale, musadule kamodzin'kamodzi. Chepetsani pang'onopang'ono sabata ndi sabata, lilime lake lizolowera.

Uchi ndi wachilengedwe, ndiye ulibe vuto eti?

Kwa mwana wosakwana chaka, uchi ndi woletsedwa, ngakhale kadontho. Umatha kukhala ndi tizilombo timene m'matumbo mwa khanda timatulutsa poizoni wofoola thupi mpaka mwana kulephera kuyamwa ndi kupuma, ndipo kuthira uchiwo mu tiyi wotentha sikupha tizilomboti. Akapitirira chaka angadye, koma m'kamwa ndi m'thupi uchi ndi shuga ndithu.

Ndinathira mkaka mu tiyi wa chidede ndipo unadula. Wawonongeka?

Sunawonongeke, kuwawasa kwa chidede ndi kumene kwaudula, monga amachitira mandimu. Kungoti maonekedwe ake ana sawakonda. Ndi zowawasa gwiritsani ntchito chambiko kapena yogati wopanda shuga, kapena ingosiyani mkaka. Papaya ndi chinanazi zili ndi khalidwe lina: zikakhalitsa mu mkaka chakumwa chimayamba kuwawa, choncho zoterezi zimwedwe nthawi yomweyo.

Chachikulu pa mkaka ndi ichi. Wogula kwa alimi, wa m'zigubu uja, uwiritseni kaye nthawi zonse, ngakhale ng'ombeyo mukuidziwa. Mkaka wosawiritsa umatha kufalitsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena. Ngati mumapanga nokha chambiko, chichokere ku mkaka wowiritsa.

Kuno mu Juni ndi Julayi kumazizira koopsa. Smoothie siyambitsa chimfine?

Chimfine chimabwera ndi tizilombo topatsirana, osati kuzizira kwa chakumwa. Komabe agogo akamakana kuti mdzukulu wawo amwe zozizira m'mawa wa chifunga, ali ndi mfundo: mwana amene akunjenjemera sangasangalale nacho. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano chisanu chake tikuchidziwa.

Pangani yofunda. Phikani mbatata yofiira m'kati, potani chidutswa chimodzi chikadali chofunda, onjezani theka la nthochi, theka la kapu ya mkaka wowiritsa ndi kota ya kapu ya tiyi wa jinja. Maungu ophika angalowe m'malo mwa mbatata. Donthezani pang'ono pa mkono wanu musanam'patse. Ndipo musathire zamadzi zotentha mu blenda, nthunzi imakankha chivindikiro n'kumuwotcha amene waima pafupi, amene nthawi zambiri amakhala mwana yemwe akudikirayo.

Amwe yochuluka bwanji pa tsiku? Wanga akamwa akumakana nsima

Ndiye kuti yachuluka, kapena ikubwera nthawi yolakwika. Wa chaka chimodzi mpaka zitatu, theka la kapu, pafupifupi mamililita 120. Wokulirapo, kapu yaing'ono imodzi. A zaumoyo ku Britain amalangiza kuti juwisi ndi smoothie pamodzi zisapitirire mamililita 150 pa tsiku, chifukwa chipatso chikagayidwa shuga wake amafika pa mano mosavuta kusiyana ndi chodya chathunthu.

M'patseni cha m'ma 10 m'mawa kapena cha m'ma 3 masana, pakati pa zakudya zikuluzikulu, kapena pamodzi ndi phala la m'mawa. Isalowe m'malo mwa phala, nsima ndi ndiwo. Komanso musaleke kum'patsa zipatso zathunthu zoti azitafuna, chifukwa kutafuna nako n'kofunika kuti aphunzire.

Amwere m'kapu, osati m'botolo la nsonga ya mphira. Amalize nthawi imodzi m'malo momangopsontha tsiku lonse, akatha amwe madzi pang'ono otsukuluza m'kamwa, ndipo isakhale ya pogona.

Ndingathiremo ufa wa cham'mwamba, soya kapena dzira kuti ikhale ya mphamvu?

Ufa wa masamba a cham'mwamba, inde, kwa mwana woposa chaka. Yambani ndi kansonga ka supuni yaing'ono, osapitirira theka la supuniyo. Ukachuluka umawawa ndipo ena umawatsegula m'mimba. Mu smoothie ya nthochi ndi peyala umabisala bwino.

Soya akhale wokazinga kapena wophika bwino asanagayidwe. Wosaphika amavuta kugayika m'mimba.

Dzira laliwisi ayi. Liphikeni adye pambali.

Nsinjiro ndi zimene ndingaike patsogolo pa zonsezi, poti mtedza tili nawo, koma usankheni musanakazinge. Wofota, wobooka, wosintha mtundu kapena wonunkha chinyontho utayidwe. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi ndi kulepheretsa mwana kukula, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Chimene chimachitika m'makomo ambiri n'choti mtedza wabwino umapita ku msika, wotsalira uja n'kusinjira ana. Chonde tisamatero. Mtedza wathunthu usaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 5, angatsamwe nawo.

Ndidziwa bwanji kuti china chake sichikumuyanja?

Yambitsani chinthu chatsopano chimodzi pa nthawi, m'mawa, n'kudikira masiku awiri kapena atatu musanayambitse china. Mukaona zidzolo, kuyabwa, kusanza kapena kutsegula m'mimba, siyani chimenecho ndipo mukawafotokozere a zaumoyo. Mtedza ndi mkaka wa ng'ombe ndi zimene zimakonda kuchita zimenezi. Koma milomo, lilime kapena nkhope zikatupa, kapena mwana akayamba kubanika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Mwana akutsegula m'mimba. Ndimupangire tiyi wanji?

Palibe tiyi wa zimenezo. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS m'madzi okwana lita imodzi, owiritsa kapena othira mankhwala, muzim'mwetsa pafupipafupi, ndipo mupite naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akam'patse zinki womwa masiku 10 mpaka 14. Pitirizani kuyamwitsa ndi kum'dyetsa. Nthochi yopota ndi phala zili bwino, koma zakumwa zotsekemera kwambiri zimawonjezera kutsegulako. Mukaona magazi m'chimbudzi, maso olowa m'kati, kulefuka kapena kukana kumwa, musadikire kuti kuche.

Thupi likatentha, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Lemon grass, jinja, nimu kapena chitsamba china chilichonse sichichiza malungo, ndipo masiku amene makolo amataya akuyesa zitsamba ndi amene malungo amakulira mwa mwana. Izi zikukhudza kwambiri a kumunsi kufupi ndi nyanja, koma ndi kumtunda komwe malungo aliko.

Mwana amene amamwa ma ARV, mankhwala a khunyu, a chifuwa chachikulu kapena a mtima, funsani adokotala ake musanayambe kum'patsa tiyi wa zitsamba wa mtundu uliwonse, chifukwa zitsamba zina zimasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwala. Smoothie ya zipatso ndi madzi owiritsa angamwe. Amene akulandira chiponde kuchipatala adye chipondecho monga anauzira a zaumoyo, osachisungunula mu smoothie kapena kugawira abale ake.

Ndingapange yambiri m'mawa kuti atengeko ku sukulu?

Smoothie yokhala ndi mkaka isakhale kunja kwa furiji kupitirira maola awiri. Kuzizira kwa ku Dedza si furiji, ndipo m'chikwama chimene chili padzuwa mumatentha. Ngati amwa pa buleki yoyamba, ipangeni atatsala pang'ono kunyamuka, muike m'fulasiki yotsukidwa bwino. Apo ayi m'patseni nthochi ndi gwafa m'manja, smoothie akaipeze pobwera. Mu furiji imatha kukhala mpaka mawa lake, yovindikira. Ikada pamwamba chifukwa cha nthochi sikuti yawonongeka, ndipo madontho ochepa a mandimu amachedwetsa kudako.

Chimene mungakonzeretu ndi tiyi. Wiritsani m'mawa, sefani, sungani m'botolo loyera lotseka, mugwiritse ntchito tsiku lomwelo.

Amayi amene amaphikira ana ku sukulu za mkombaphala, njira yosavuta kwa gulu ndi ya malambe ndi nthochi yopanda mkaka, yopangidwa pomwepo ndi madzi owiritsa, mwana aliyense ndi kapu yake.

Zipatso za pa msika ndingozitsuka ndi madzi basi?

Tsukani ndi madzi otetezeka musanasende, ngakhale zimene khoko lake mutaya, chifukwa mpeni umatenga litsiro la kunja n'kulilowetsa m'kati. Mbali yovunda musangoidula n'kugaya kotsalako ngati chipatsocho chafewa n'kuyamba kununkha. Kupsa kwambiri n'kosiyana ndi kuola.

Dera lathu ndi la tomato, kabichi ndi kachewere, mbewu zimene zimapoperedwa mankhwala kawirikawiri. Minti kapena lemon grass womera m'mphepete mwa dimba lopoperedwa asapite mu tiyi wa mwana. Ndipo botolo kapena chigubu chimene munakhalapo mankhwala a mbewu chisasungirepo madzi kapena chakumwa, ngakhale chitatsukidwa kangati.

Ndikufuna kudzala ndekha zitsambazi. Zingachite kuno kumtunda?

Lemon grass amachita. Pemphani kwa mnansi timaphata tiwiri kapena titatu tokhala ndi mizu, mudzale mvula ikayamba, pamalo owomba dzuwa pafupi ndi khoma kuti chisanu cha mu Juni chisamuwaule kwambiri. Nsonga zikauma m'nyengo yozizira musamuzule, mumetereni, adzaphukanso kukayamba kufunda. Minti amakonda chinyontho ndipo nyengo yathu imamuyanja, koma mudzaleni m'chidebe chobooka pansi, chifukwa pa bedi amayanga n'kulanda malo a mbewu zina. Chidede ndi cham'mwamba zimakonda kotentha, ndiye zimachita bwino kumunsi monga ku Mtakataka, ku Golomoti ndi ku Bwanje kusiyana ndi pa boma.

Poyanika, yalani masamba kapena timakoko ta chidede pa lichero pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, ndipo pakhale patali ndi nkhuku ndi fumbi. Zikauma mpaka kumathetheka m'manja, sungani m'botolo louma lotseka bwino, mulembepo dzina ndi mwezi. Mukadzatsegula n'kumva fungo la chinyontho kapena kuona chuku, tayani zonse. Zouma zimalimba kuposa zaziwisi, choncho pa kapu imodzi ya tiyi wa mwana thirani theka la supuni yaing'ono.